Kabuku ka Lada kam'sutikesi ya agogo

Mayi wina wandilembera kuti wapeza kabuku kotsatsa galimoto ya Lada m'sutikesi ya malemu agogo ake. Akufunsa ngati Lada ili Fiat yongosinthidwa dzina, komanso ngati kabukuko n'kosunga. Mayi, mwanditsegula bala.

Bambo anga anali ndi kabuku kotere, ka Fiat 124. Anakatenga ku Zambia m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene ku Livingstone ankalumikiza magalimoto a Fiat. Galimoto sanagulepo moyo wawo wonse. Koma Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ankakhala pakhonde, n'kumandiloza mipando, buti, ana osekerera pampando wakumbuyo. Pamaliro awo wina anakoleza nako moto wophikira nsima. Ndinangotola chikuto chopserera m'phulusa, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Fiat 124 inatuluka ku Italy mu 1966, n'kupambana ulemu wa galimoto ya chaka ku Ulaya mu 1967. Boma la Soviet Union linagula chilolezo chopanga galimotoyi, fakitale n'kumangidwa ku Tolyatti m'mbali mwa mtsinje wa Volga, mzinda wotchedwa dzina la mtsogoleri wa chikomyunizimu wa ku Italy, Palmiro Togliatti. Galimoto yoyamba ya fakitaleyi, VAZ-2101, inatuluka mu 1970. Kwawo ankaitcha Zhiguli, yopita kunja ankaitcha Lada.

Apa ndiye sindigwirizana ndi onena kuti anangobera. Chilolezo analipira, ndipo galimotoyo anaikonza kuti ipirire misewu yawo: malata okhuthala, thupi lokwezeka, injini ina, mabuleki akumbuyo a dramu m'malo mwa disiki, ngakhale chitsulo cholizira injini pamanja kukazizira. Amene anakankhapo galimoto m'matope a dzinja adziwa kuti imeneyi ndi nzeru. Fiat 124 yomweyo ku Spain inatuluka ngati SEAT 124 mu 1968, ku Turkey Murat 124 mu 1971, ndipo ku India anaiika injini ya Nissan n'kuitcha Premier 118NE. Galimoto imodzi, dziko lililonse kabuku kake, chilankhulo chake, banja lake pachithunzi. Magalimoto ambiri anadyedwa ndi dzimbiri, koma timabukuti tikadasonyeza zimene mabanja a nthawiyo ankalakalaka.

Tsono kabukuko

Musakataye, musakamate selotepi. Kaikeni mu envulopu pamalo pouma, kutali ndi dzuwa ndi chiswe. Yang'anani timalemba takumbuyo, nthawi zambiri chaka chimakhala pamenepo. Kajambuleni pafoni tsamba ndi tsamba, ndipo mufunse akuluakulu a kwanu kuti agogo anakapeza kuti.