Za khoti la njerwa zofiira la ku Dayton

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake tauni yakumudzi ngati Dayton, m'boma la Rhea ku Tennessee, m'dziko la America, ili ndi chikhoti chachikulu chonchi, komanso ngati "mlandu wa anyani", uja wokhudza kuphunzitsa kuti munthu anachokera ku nyama, unazengedwadi momwemo. Eya, ndi momwemo.

Kale likulu la bomalo linali ku Washington, kamudzi ka kufupi ndi mtsinje wa Tennessee. Njanji ya Cincinnati Southern itadutsa ku Dayton, migodi ya malasha ndi ng'anjo zosungunula chitsulo zikulowetsa ndalama, likulu linasamukira kumeneko ndipo khotili linamangidwa mu 1891, nsanja ya wotchi pamwamba. Anamanga molingana ndi thumba la nthawiyo. Pofika 1925 malonda aja anali atalowa pansi.

Ndiye mlanduwo musauone ngati unangogwa. Chaka chimenecho Tennessee inakhazikitsa lamulo la Butler, loletsa kuphunzitsa m'sukulu zaboma kuti munthu anachokera ku nyama. Bungwe la ACLU, loteteza ufulu wa anthu ku America, linalengeza m'nyuzipepala kuti lidzaimira mphunzitsi aliyense wofuna kuliyesa lamulolo. Akuluakulu a tauni, atakhala m'sitolo ya mankhwala ya Robinson, anaona mwayi woti Dayton itchuke, nkunyengerera John Scopes, mphunzitsi wachinyamata wa zaka 24, kuti avomere kuimbidwa mlandu. Kwa ine, apa panali bizinesi kuposa chipembedzo.

Mlandu unayamba pa 10 July. Ku mbali ya boma kunali William Jennings Bryan, yemwe anapikisanapo katatu pa upulezidenti. Scopes ankaimiridwa ndi loya Clarence Darrow. Wailesi ya WGN ya ku Chicago inkaulutsa zonse pompopompo. Chipinda cham'mwamba chozengera mlandu chinadzaza thothotho, kutentha kosaneneka, moti pa 20 July woweruza John Raulston anatulutsa bwalo panja pa kapinga, poopanso kuti pansi pangagumuke. Pansi pa mitengo pomwepo Darrow anamuika Bryan ngati mboni ya za Baibulo, nkumupanikiza za Yona ndi chinsomba, ndi kumene Kaini anapeza mkazi.

Mawa lake Scopes anapezeka wolakwa, chindapusa madola 100. Bryan anamwalirira ku Dayton komweko patangopita masiku asanu. Mu 1927 khoti lalikulu la Tennessee linafafaniza chigamulocho chifukwa chindapusa chinatchulidwa ndi woweruza osati juri (gulu la anthu wamba logamula mlandu), koma lamulo la Butler linakhalapobe mpaka 1967.

Mukapita, tsikirani chipinda chapansi, muli myuziyamu ya mlanduwu. Panja pali ziboliboli ziwiri: cha Bryan cha 2005 ndi cha Darrow chomwe anaimika mu 2017.