Ku Beira mukaona chiyani kupatula gombe lodzaza anthu?

Mayi wina wa ku Mabvuku, ku Harare, wanditumizira imelo. Akuti mu Disembala akufuna kupita ndi ana ake awiri ku Beira, ku Mozambique, kuti akaone nyanja yamchere koyamba, koma sakufuna malo aphokoso odzaza anthu omwa mowa. Apite kuti?

Amayi, ndiyambe ndi kukuchenjezani: madzi a ku Beira si oyera ngati a ku Mangochi. Mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imathira matope ake pomwepo, ndiye nyanja imaoneka yofiirira. Auzeni anawo musananyamuke kuti asakakhumudwe. Chokoma kumeneko n'china. Madzi amadzaza n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo akaphwa amathawa kutali, n'kusiya mchenga wonyowa wodzaza timaenje ta nkhanu. Mwana akhoza kutha m'mawa wonse akuthamangitsa tinkhanuto osagwira n'kamodzi komwe. Koma madziwo akamabwerera sachedwa, choncho funsani asodzi nthawi yake musanalowe patali.

Yambirani kugombe la Macuti m'mamawa, oledzera asanadzuke. Kuli nsanja younikira sitima yamizere yofiira ndi yoyera, yomangidwa mu 1904, ndipo patsogolo pake pali chitsulo cha chombo chakale chodyeka ndi dzimbiri. Jambulani zithunzi, koma anawo asakwerepo, chimacheka.

Ku Praia Nova n'kumene asodzi amakocheza ngalawa zawo. Si malo osambira, fungo la nsomba zouma limakulandirani muli kutali, koma ine ndimakukonda kuposa malo ena onse. Amayi ogulitsa nsomba ambiri amalankhula Chisena, ndipo mukawalankhula Chichewa pang'onopang'ono mumvana pa mtengo. Ena ndi a Chindau, ndiye Chishona chanu cha ku Harare chigwiranso ntchito.

Dzuwa likakula, kapumeni ku paki ya m'mbali mwa mtsinje wa Chiveve, pakati pa tauni. Kuli njira zoyendamo ndi mitengo yomera m'madzi amchere. Grande Hotel, yomwe inatsekedwa mu 1963, ingoionani podutsa. Mumakhala mabanja ambirimbiri, ndi kwawo, musamawajambule ngati nyama za kumalo osungira.

Mukakhala ndi tsiku lapadera, lisungireni Rio Savane, makilomita opitirira 30 kumpoto kwa mzindawu. Galimoto mumaisiya tsidya lino n'kuwoloka mtsinje pa boti, kenako mumatulukira pagombe lalitali lopanda phokoso, madzi akenso ooneka bwino kuposa a m'tauni. Vuto ndi msewu. Ndi wafumbi, ndipo Disembala ndi nyengo yamvula. Namondwe wa Idai wa mu Malichi 2019 anawononganso zambiri m'dera lonseli, ndiye funsani kumene mwagona ngati njira ikupitika ndiponso ngati malo ogona kumeneko ndi otsegula.

Ulendo wochokera ku Harare ndi wodzera ku Mutare, pachipata cha m'malire cha Forbes, n'kulowa Machipanda, Chimoio mpaka Beira, makilomita oposa 500. Sinthani ndalama mukhale ndi meticais (ndalama za ku Mozambique) za m'thumba, ndipo musaiwale neti ndi mankhwala othamangitsa udzudzu. Malungo a kugombe kuja si ochezera, makamaka kwa ana okulira ku Harare.