Funsani Azakhali: Sewero la ku Korea landichotsa mtima pa ntchito

Azakhali, ndine mtsikana wa zaka 24, ndimakhala ku Matawale kwa mayi anga aang'ono. Ndinapanga dipuloma ya utolankhani koma ntchito yake sinapezeke, panopa ndimakhala pa kabenchi ka mobile money kufupi ndi depoti, kabenchiko ndi ka munthu wina amangondilipira pa mwezi. Mnzanga anandiponyera mu foni sewero lachi Korea lija la Fight for My Way nde ndaonera mpaka kumapeto misozi ili chuchuchu chifukwa mtsikana wa mmenemo Ae-ra ndi ine ndendende, amafuna kukhala muwulutsi koma amangoima pa desiki mu shopu yayikulu kumalozera anthu njira. Chionereni mtima sukukhazikika, ndikufuna ndisiye ntchito ndipite ku Blantyre ndikayese mwayi m'mawailesi. Chibwenzi changa chikuti mafilimu andipengetsa, akuti tizingosunga ndalama za chinkhoswe basi. Tatha zaka zitatu ndipo ndimamukonda koma sanandifunseko olo tsiku limodzi kuti ndimafuna kudzakhala ndani. Ndisiye ntchitoyi? Nanga mamunayu ndimutani?
Mtsikana wa ku Matawale

Mwana wanga, sunapenge ayi, ndipo usalole munthu akuuze choncho. Sewero limeneli ndimalidziwa bwino, linatuluka mu 2017 pa kanema wa KBS2, lili ndi magawo 16, wosewera ngati Ae-ra ndi Kim Ji-won pomwe wosewera ngati mnyamata wake Dong-man ndi Park Seo-joon. Ine chimene ndimalikondera ndi choti mnyamata wake si mwana wa bwana wa kampani wobwera pa galimoto yakuda kudzatola mtsikana wosauka ngati m'masewero ena ambiri achi Korea. Dong-man anali katswiri wa taekwondo ali kusukulu, zinthu zinasokonekera, nkumapezeka akuyenda m'makomo mwa anthu kupopera mankhwala ophera tizilombo. Onse awiri ndi anthu oti lendi imawasowetsa tulo. Nde ngati wadzionamo iweyo palibe chodabwitsa.

Koma ndikupempha ukalionerenso, ulendo uno uli ndi maso ouma. Inde Ae-ra ntchito ya mu shopu ija anaisiya, sindikubisira. Koma ntchito imene ankailota yowerenga nkhani pa kanema sanaipeze, ku ma intavyu ankamuyang'anira pansi chifukwa cha msinkhu komanso chifukwa pepala lake linalibe maulendo akunja ngati anzake, nthawi imene anzakewo ankaphunzira kunja iye ankasaka ndalama. Chimene chinamupulumutsa ndi choti maikolofoni iliyonse imene yapezeka ankaigwira, anayamba ndi zolengeza za mu shopu momwemo, mapeto ake anakakhala wolengeza mu bwalo la masewera omenyana a MMA, malo oti poyamba sankawaganizira nkomwe.

Chachiwiri, miyezi ya njala mu sewero imadutsa ndi nyimbo imodzi yokoma, mtsikana akuyenda mumsewu atanyamula ma envelopu, gawo lotsatira zinthu zayamba kuyenda. Ku Korea munthu akasiya ntchito amatha kukagwira ganyu mu shopu kapena mu lesitilanti nkumalipidwa pa ola, ndipo boma lawo limaika malipiro otsikitsitsa, mu 2025 anali 10,030 won pa ola. Iwe ukatsika minibasi ku Limbe ndi chikwama chako palibe amene akakuwerengere maola, kachipinda ku Ndirande kaya ku Bangwe eni ake akafuna ndalama zawo pa 30, transipoti yokasiya makalata tsiku ndi tsiku, kudya, bandulo, ndipo mawailesi ambiri munthu watsopano amayamba kumuyesa kaye asanamulembe. Walira mvula walira matope. Sindikukuopseza kuti usiye zolinga zako, ndikufuna upite ku Blantyre uli ndi kanthu m'manja osati misozi ya sewero yokha.

Ndipo kanthuko ukhoza kukapeza konkuno. Zomba ili ndi wailesi ya YFM ya bungwe la YONECO, ilinso ndi wailesi ya ku Chanco, wapitako kukafunsa ngati angakupatse mpata olo wa pulogalamu ya achinyamata Loweruka kapena Lamulungu? Loweruka lililonse m'tauni muno muli zinkhoswe, maukwati, ma bridal shower, konseko kumafunika MC wodziwa kuyendetsa perekaniperekani anthu osatopa, ndipo ine ndimaona kuti atsikana olimba mtima pa ntchito imeneyi akadali ochepa. Kutchalitchi pempha uziwerenga zolengeza. Madzulo ukatseka kabenchi tenga nyuzi uwerenge mokweza ukudzijambula pa foni, umvere pamene ukumeza mawu, ubwereze, zimene zatuluka bwino uziika pa Facebook kapena TikTok. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi udzakhala ndi zojambula zoti bwana wa wailesi amvere, ndi kandalama kapadera kochokera ku u MC. Kabenchi kaja usakanyoze, ndi kamene kakugulire bandulo yochitira zonsezi. Udzakasiye tsiku limene mbali inayi yayamba kukudyetsa kapena wina wakuitana ndi kalata.

Tsopano za mamunayu, apa ndi pamene ndikufuna tikhale pansi. Usamuyeze ndi zija zofunditsa jekete kapena kubereka mtsikana kumsana usiku, zimenezo anazilemba munthu pa pepala. Muyeze ndi ichi: tsiku limene Ae-ra anapatsidwa mpata wolengeza mu shopu, Dong-man anabwera kudzamumvera. Chimenecho mnyamata wa ku Matawale akhoza kuchita osawononga olo K100. Koma kumbukiranso kuti mu sewero lomwelo amene anakaniza mnzake kutsata zofuna za mtima wake ndi Ae-ra yemweyo, Dong-man atasiya zopopera mankhwala zija nkuyamba kumenya MMA, anavulala khutu mu nkhonya ndipo mtsikanayu anamuuza kuti akakalowanso mu bwalo chibwenzi chatha, ndipo chinathadi kwa kanthawi. Sikuti sankamukonda, anali ndi mantha. Mwina wakoyunso ali ndi mantha, kuti ukapita ku Blantyre ukamuiwala, kapena kuti ndalama zimene mwavutikira zikathera pa lendi. Mufunse mwachindunji kuti akuopa chani. Ndipo iwe unayamba wamufunsako kuti iyeyo amafuna kudzakhala ndani? Ukamufotokozera dongosolo lako lonse modekha, kuti ntchito susiya panopa koma Loweruka uzigwira maikolofoni, nde iye nkumakusekabe kapena kukuletsa kuima pamaso pa anthu, pamenepo chinkhoswe chiyambe chadikira. Ankhoswe amatha kuyanjanitsa anthu okangana koma sangamuphunzitse munthu kusangalala ndi mphatso ya mkazi wake.

Azakhali, mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 koma usiku ndikadzuka ndimapeza kuwala mu bulangete, akuonera ma Korea amenewa mpaka tambala woyamba. Kodi mulibe zolaula mmenemu? Ndimulande foni?
Mayi wa ku Chinamwali

Mayi, pa zolaula mtima ukhale m'malo pang'ono, masewero achikondi amene amaonetsedwa pa makanema akuluakulu a ku Korea ambiri ndi odziletsa, anthu amatha magawo angapo asanagwirane ndi dzanja lomwe. Chimene chimachulukamo ndi mowa wawo uja wa soju, wakhumudwa amamwa, wasangalala amamwa, chimenecho mukambirane naye. Alipo ena opangidwira Netflix amene ali ndi nkhanza komanso za akuluakulu, nde muzimufunsa dzina la chimene akuonera, nthawi zina khalani naye muonere limodzi gawo limodzi.

Vuto lenileni ndi tulo. Kwawoko masewerowa amatuluka magawo awiri pa sabata, la magawo 16 limatenga miyezi iwiri, ndipo gawo lililonse amalidula dala pamene mtima uli m'mwamba kuti anthu adikire. Ana athu amakabenetsa onse 16 nthawi imodzi pa fulashi kapena memori, nde palibe chowaimitsa, gawo limodzi ndi ola lathunthu, anayi okha kwacha. Ine sindikanamulanda foni kotheratu chifukwa akabwereka ya mnzake inu osadziwa. Pangani pangano, foni izigona kuchipinda kwanu kuyambira 9 koloko, magawo awiri Loweruka akamaliza kuchapa ndi kuwerenga, mpaka MSCE idutse. Mumuuzenso kuti anzake a msinkhu wake ku Korea sakhalira masewerowa, mayeso awo olowera ku yunivesite otchedwa Suneung amalembedwa tsiku limodzi mu Novembala pafupifupi tsiku lonse, mpaka ndege amaziimitsa nthawi ya mayeso omvetsera Chingerezi kuti pasakhale phokoso, ndipo ana ambiri akaweruka amapita ku makalasi apadera mpaka usiku. Sindikuti moyo umenewo ndi wabwino, ana ambiri umawapsinja kwambiri, koma adziwe kuti dziko limene akulisirira pa foni limawerenga modetsa nkhawa. Akalemba pepala lomaliza mudzamusiye aonere mpaka maso afiire.

Azakhali, ndine mnyamata wa pa Chanco, ndimakhala ku Chikanda. Bebi wanga daily amandiuza kuti anyamata achi Korea ndi amene amadziwa chikondi, ine nde ndatopa nazo. Zoona amuna akumeneko ali choncho onse?
Mnyamata wa ku Chikanda

Achimwene, ayi sali choncho onse, ndipo kuwawa kwake ndikukumvetsa chifukwa kufaniziridwa ndi munthu wa pa sikirini kumapweteka. Amene akumuonayo wadzozedwa zodzoladzola, zovala amusankhira, mawu amulembera, ngakhale foni ndi khofi zimene wagwira nthawi zambiri ndi malonda a makampani amene alipira kuti katundu wawo aoneke. Mnyamata weniweni wa ku Korea amayenera kukagwira usilikali mokakamizidwa, pafupifupi miyezi 18 kwa a nkhondo ya pamtunda, akabwerako kulimbana ndi ntchito komanso nyumba zodula za ku Seoul. Achinyamata ambiri akuchedwetsa ukwati kapena kuusiya kumene, moti mu 2023 chiwerengero cha ana pa mayi mmodzi chinatsika kufika pa 0.72, chotsikitsitsa pa dziko lonse lapansi.

Koma manambalawa musakamuponyere kumaso kuti mupambane mkangano. Mtsikana akamanena zimenezi kawirikawiri pamakhala kanthu kamene akukasowa koma akulephera kukatchula, mwina mumamuimbira pokhapokha mukafuna kuti abwere, mwina sabata ya mayeso simumufunsa kuti pepala layenda bwanji, mwina chiyambireni chibwenzi simunayendepo naye masana anthu akuona. Mumuuze mosapsa mtima kuti kufaniziridwako kumakuwawani, kenako mumufunse kuti mu sewero limene amalikondalo ndi malo ati enieni amene anamukhudza, akuonetseni pa foni pomwepo. Sabata ikubwerayi mukamudikire panja pa laibulale akamatuluka, mumuperekeze mpaka kwawo, ndipo Loweruka ngati kunja kuli bwino mukwere naye phiri kukaona damu la Mulunguzi, zipatso za m'njira muja mukagule za ndalama imene muli nayo.