Kodi Piriton amasiya kugwira ntchito chifukwa ma receptor a histamine alowa m'selo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa wophunzira za mankhwala ku Ridgeway, kampasi ya University of Zambia mu Lusaka, amene Loweruka amathandiza mu kemisiti ina ku Chilenje. Akuti: "Fumbi la Ogasiti likayamba, anthu amabwera akuyetsemula, ndipo ena amati Piriton sakuwagwiranso ngati kale. M'kalasi tinaphunzira kuti ma receptor a histamine amagontha n'kulowa mkati mwa selo. Kodi n'zimene zikuchitikira makasitomalawa?"

Ayi, achimwene. Kugontha kumene munaphunzirako kumabwera ndi histamine mwiniwake, kemikolo ya m'thupi yoyambitsa kuyetsemula ndi kuyabwa, osati ndi mankhwala omutsekereza ngati Piriton.

Histamine ali ndi ma receptor anayi (mapuloteni a pa selo olandira uthenga wake), H1 mpaka H4, onse a mtundu wa GPCR, omwe amapyoza khungu la selo ka 7 n'kupereka uthenga mkati kudzera mwa G protein. Pa kauntala mumakumana ndi awiri. H1 amagwira ntchito ndi G protein wotchedwa Gq, amene amadzutsa enzyme ya phospholipase C n'kukweza calcium mkati mwa selo. Kuyabwa, kuyetsemula ndi mamina zimachokera apa. H2 amagwira ntchito ndi G protein wina, Gs, amakweza cAMP, kemikolo yonyamula uthenga mkati mwa selo, ndipo m'maselo a parietal a m'mimba ndiye amalamula kuti asidi atuluke.

Histamine akakhalitsa pa receptor, selo limadziteteza m'magawo atatu, ndipo chowasiyanitsa ndi nthawi. Choyamba chimachitika m'masekondi kapena mphindi zochepa: ma enzyme a GRK, makamaka GRK2, amamata phosphate pa mbali za receptor zimene zili mkati mwa selo. Puloteni wotchedwa beta-arrestin amabwera n'kukhala pamenepo, ndiye G protein amasowa pogwira. Receptor akadali panja, histamine akadali pa iye, koma uthenga sukudutsa. Pa H1 palinso njira ina: enzyme wina, PKC, amene H1 yemweyo wamudzutsa, amabwerera kudzamata phosphate. PKC sasankha, atha kugonthetsa H1 ngakhale wadzutsidwa ndi receptor wina amene alibe nazo ntchito za histamine.

Chachiwiri ndi kulowa mkati. Arrestin amaitana mapuloteni AP2 ndi clathrin, khungu la selo limapindikira mkati ngati kathumba, puloteni wina, dynamin, n'kudula khosi la kathumbako. Receptor tsopano ali mu endosome, kathumba ka mkati mwa selo, momwe muli asidi pang'ono. Histamine amachoka, enzyme wa phosphatase (pa H2 ndi wotchedwa PP2A) amachotsa phosphate uja, ndipo receptor amabwerera panja ali bwinobwino. Zili ngati wogulitsa pa Soweto Market amene amalowetsa katundu mvula ikayamba n'kumuyalanso ikakata: katundu sanatayike. Ophunzira ambiri amalakwitsa apa, amalemba ngati kulowa mkati ndiko kuwonongeka, pamene pa H2 ndiko kumam'konzanso. Mukatsekereza kulowaku, receptor amachedwa kumvanso.

Chachitatu chimafuna maola ambiri: ma receptor ena amatumizidwa ku lysosome, chigayo cha selo, kukagayidwa, chiwerengero chonse n'kutsika, ndipo selo liyenera kupanga atsopano.

Ngati mudzayesa izi mu labu, kuzizira kwa madigiri 4 kumaimitsa kulowa, ndipo sucrose wa 0.45 M amasokoneza clathrin. Samalani ndi mepyramine wa radioactive, amene amawerengera ma H1: amadutsa khungu la selo mosavuta, ndiye atha kuwerenga ma H1 a mkati pamodzi ndi a panja, inu n'kuganiza kuti palibe chalowa.

Tibwerere ku Piriton. Chlorpheniramine (ndiye Piriton), cetirizine ndi loratadine amagwira H1 n'kumukhazika ali chete. Receptor wachete GRK samulabadira, choncho magawo atatu aja sayamba n'komwe. Chimene chimachepa pa mankhwala akale ngati Piriton ndi tulo timene amabweretsa. Pa diphenhydramine, wa gulu limodzi ndi Piriton, kugonetsa kumazimiririka pakatha masiku 3 kapena 4 munthu akumwa tsiku lililonse, ndipo kasitomala amene amayeza mphamvu ya mankhwala ndi kulemera kwa zikope amati afooka. Komanso fumbi, utsi wa mbaula ndi mungu zikachuluka, maselo a mast, amene amasunga histamine, satulutsa histamine yekha. Amatulutsanso makemikolo ena, ma leukotriene, amene amatseka mphuno ndipo Piriton sawakhudza. Munthu wotereyu asamangowonjezera mapiritsi. Wamkulu amamwa Piriton 4 mg pa maola 4 mpaka 6 alionse, osapitirira 24 mg patsiku. Ngati vuto lalikulu ndi mphuno yotsekeka, mankhwala opopera m'mphuno ngati beclometasone amathandiza kwambiri, kungoti amafuna masiku angapo kuti amveke.

Kumene kuzolowera mankhwala kuli kwenikweni ndi ku H2. Cimetidine kapena famotidine, mankhwala otsekereza H2, akamwedwa tsiku ndi tsiku, mphamvu yawo yochepetsa asidi imatsika pasanathe milungu 2, ndipo kuwonjezera mlingo sikuibwezera. Apanso si kugontha. Ma receptor otsekerezedwa nthawi yaitali amachuluka m'malo mochepa, gastrin, homoni wolimbikitsa asidi, nayenso amakwera, ndiye munthu akasiya mwadzidzidzi asidi amabwera wambiri kuposa poyamba, chilungulira n'kuyambiranso mwamphamvu. Muwachenjezeretu makasitomala za zimenezi. Koma amene akuvutika kumeza, akuwonda popanda chifukwa, akusanza magazi kapena akuchita chimbudzi chakuda, musam'gulitse paketi ina. Apite kukaonana ndi dokotala tsiku lomwelo.