Kodi kupempha jekeseni ya ululu pochira ndi mantha?

Mayi wina wa ku Chibavi, ku Mzuzu, wandilembera imelo. Ali ndi pakati poyamba, miyezi 8. Akufunsa ngati kuchipatala kuli mankhwala ochepetsa ululu matenda akayamba, poti apongozi ake akuti mkazi weniweni amangoluma chitenje.

Achemwali, mankhwala alipo, ndipo kuwapempha si mantha. Ngakhale bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2018 kuti mayi amene wapempha thandizo la ululu pobereka athandizidwe.

Odziwika kwambiri kuno ndi jekeseni ya pethidine. Siichotseratu ululu, imangouziziritsa, mwina mpaka kuwodzerako pang'ono. Ena imawachititsa nseru. Koma ili ndi nthawi yake. Akakubayani mwana ali pafupi kutuluka, akhoza kubadwa wofooka, wopuma movutikira. Ndiye azamba akakupimani njira n'kunena kuti nthawi yapita, musaone ngati ndi nkhanza.

Epidural imene mumaiona pa Facebook ija amabaya kumsana, ndipo imafuna katswiri wogonetsa odwala pafupi, choncho musaidalire musanafunse. Kafunseni kusikelo sabata ino, kaya mukachirira ku Mapale, ku Central kapena ku St John's. Zikafika pa opareshoni, nthawi zambiri amabaya kumsana, mumachita dzanzi kumunsi konseku muli maso, kulira kwa mwana n'kukumva nokha. Mukang'ambika njira pochira ndipo akufuna kukusokani, pemphani jekeseni ya dzanzi kaye. Ufulu umenewo ndi wanu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala azitsamba aja a mwanamphepo. Alipo amene adzakubweretsereni m'kabotolo, atabisa m'chitenje, ati muchire msanga. Chonde musamwe. Samachepetsa ululu, amakankha chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke, mpaka chikhoza kung'ambika, mwananso n'kubanika m'mimba. Ngati mwamwa kale, auzeni azamba osabisa. Brufen nayenso musiyeni miyezi yomalizayi.

Ine ndinachira mu June, kuzizira kwa Mzuzu kuli pachimake. Chimene ndimakumbukira ndi dzanja la azakhali anga. Ndinkayenda pakhonde nditafunda zitenje ziwiri. Ululu ukabwera ndinkagwira khoma, iwo n'kumanditikita pansi pa msana ndi chibakera, akundiuza kuti, "Puma pang'onopang'ono, mwanawe." Jekeseni ndinaipemphabe usiku, ndipo anandibaya. Gadiyani wanu musankhe nokha, munthu amene mungalire pamaso pake osachita manyazi, ndipo mumuuziretu lero zimene mukufuna kuti akakupemphereni mawu akadzakutherani.