Pa Windows ikufuula, pa Linux ikunong'ona

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akuphunzira za makompyuta ku Zomba. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndinagula laputopu ya kaunjika, koma si yakale kwenikweni. Inabwera ndi Windows 11, ndiye ine ndinaikamonso Linux Mint 21 kuti ndiziphunzirirapo. Pa Windows masipika amalira bwinobwino, munthu ali pakhomo amamva. Ndikalowa pa Mint, voliyumu ili pa 100 koma mpaka ndichite kuika khutu pafupi. Masiku ena mawu samveka n'komwe. Mahedifoni alibe vuto kulikonse. Anzanga ena akuti ndikweze mpaka 150, ena akuti ndidawunilode driver wa Realtek. Kodi masipika apsa?"

Achimwene, masipika anu sanapse. Sipika yopsa sisankha kuti lero ndilira chifukwa kwabwera Windows, mawa ndikhala chete chifukwa kwabwera Mint. Ikapsa yapsa basi. Ndiye musapite nayo kwa okonza kuti akaitsegule, mungotaya ndalama ndi tizomangira tiwiri titatu.

Malangizo a anzanuwo onse awiri asiyeni kaye. La Realtek, kampani yopanga tizipangizo ta mawu, ndilithetseretu pano: pa Linux driver wa mawu, pulogalamu yoyendetsa kachipangizo ka mawu, sachita kudawunilodedwa ngati pa Windows, amabwera kale m'kati mwa kernel, umene ndi mtima wa Linux. Mafayilo a Realtek amene mungawapeze pa intaneti olembedwa kuti ndi a Linux ndi akalekale, ndipo mukawakakamiza mungathe kutaya ngakhale timawu tochepa tomwe muli nato. La 150 ndilifika kutsogoloku.

M'kalata yanu ine ndikuonamo matenda awiri osiyana, ndipo mwawaika m'thumba limodzi. Kuti masiku ena mawu samveka n'komwe ndi nkhani ina, kuti akamamveka amamveka motsika ndi nkhani inanso.

Ndiyambe ndi ya "masiku ena", chifukwa ndiyosavuta ndipo sidya bandulo. Kuyambira pa Windows 8, mu 2012, mukadina Shut down kompyuta sizima yonse. Pali chinthu chotchedwa Fast Startup: Windows imatseka mapulogalamu anu, koma mtima wake imausunga pa disiki monga momwe unalili, kuti mawa idzuke msanga. Kwa munthu wa Windows yokha palibe chovuta. Kwa inu amene m'nyumba muli anthu awiri, zili ngati mnzanu watuluka koma makiyi a kuchipinda wapita nawo. Chimodzimodzinso mukadina Restart n'kusankha Mint pa GRUB, kandandanda kosankhira Windows kapena Mint poyatsa: magetsi sanachoke pa kachipangizo ka mawu kaja, ndiye kamakhalabe momwe driver wa Windows anakasiyira, ndipo Linux ikafika imakapeza kakumvera malamulo a wina.

Yesani izi kawiri katatu musanakhudze china chilichonse. Muli pa Windows, gwirani Shift kwinaku mukudina Shut down. Imeneyo ndiye imazimitsa zenizeni. Dikirani masekondi khumi, yatsani, lowani pa Mint. Ngati mawu abwera nthawi zonse mukatero, wakuba wapezeka. Kuti zitheretu, pitani ku Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, dinani Change settings that are currently unavailable, kenako chotsani kachongi pa Turn on fast startup. Aliyense wokhala ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi ayenera kuchotsa kachongi kameneka ngakhale mawu ake ali bwino, chifukwa Fast Startup yomweyi ndi imene imachititsa kuti Linux ikane kulemba pa disiki ya Windows, ndipo nthawi zina imasokonezanso WiFi ndi Bluetooth. Chizolowezi cha Restart pochoka ku Windows kupita ku Mint muchisiyenso. Zimitsani, yatsani.

Koma mutchere khutu, chifukwa pali malaputopu ena amene amachita zosemphana: mawu pa Linux amamveka bwino pokhapokha mwachokera ku Windows ndi Restart, ndipo mukayatsa kuchokera pozimiratu amafooka. Mukaona zotere musadandaule, mwapeza umboni wamtengo wapatali. Zikutanthauza kuti muli kachipangizo kamene Windows imadziwa kukadzutsa koma Mint yanu sidziwa. Sungani mfundo imeneyi.

Tsopano za kutsika kwa mawu. Voliyumu imene mumaiona pakona pa sikirini si yokhayo. Pa Linux mawu amadutsa m'manja awiri: pansi pali ALSA, imene imalankhula ndi zipangizo zenizenizo, pamwamba pali PulseAudio, kapena PipeWire pa ma Linux atsopano. Mint 21 ili ndi PulseAudio. Zimachitika kuti pamwamba pali 100 pamene pansi wina anasiya pa 30. Tsegulani terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, lembani `alsamixer`, dinani F6, musankhe khadi lenileni la mawu, osati lolembedwa default. Mudzaona mizati ingapo: Master, Speaker, Headphone, mwina PCM, mwina Bass Speaker. Uliwonse umene pansi pake palembedwa MM ndi wotsekedwa pakamwa. Dinani M kuti utseguke, n'kuukweza ndi muvi wopita m'mwamba. Muonenso Auto-Mute Mode, amene ntchito yake ndi kutseka masipika mukalowetsa mahedifoni. Bowo la mahedifoni likadzaza fumbi, monga zimakhalira mwezi wa October, laputopu imatha kuganiza kuti mahedifoni alimo, ndiye yesani kumuzimitsa Auto-Mute ameneyu. Mukakonza tulukani ndi Esc, lembani `sudo alsactl store` kuti zisabwerere.

Ndikanakonda vuto lanu likanathera pamenepa. Koma poti mwati laputopuyo si yakale, ndipo mahedifoni akumveka bwino, mtima wanga ukundiuza kuti nkhani ili pa ampulifaya.

Malaputopu akale anali osavuta. Kachipangizo kamodzi, kawirikawiri ka Realtek, kankatumiza mawu ku mahedifoni ndi ku masipika komwe. Ambiri a zaka zaposachedwa, makamaka opyapyala ndi amasewera, ali ndi tima ampulifaya tapadera pakati pa Realtek ndi masipika. Todziwika kwambiri ndi CS35L41 ka Cirrus Logic ndi TAS2781 ka Texas Instruments, ndipo timapezeka m'mitundu yambiri ya ASUS, Lenovo ndi HP. Timatchedwa smart amp chifukwa timayeza magetsi amene akulowa mu sipika nthawi ndi nthawi, n'kuikankha mpaka pamalire popanda kuiotcha. N'chifukwa chake kalaputopu kopyapyala ngati buku kamatha kudzaza chipinda. Koma kachipangizo kameneka kamafuna driver wakewake ndi firmware yakeyake, kapulogalamu kogwira ntchito m'kati mwa kachipangizoko. Popanda zimenezi kamangogona. Mahedifoni sadutsa mwa iko, ndiye amamveka bwino, monga mwaonera.

Malaputopu ena ali ndi masipika anayi: awiri aang'ono a mawu opyapyala, awiri okulirapo a besi. Zikavuta, Linux imatulutsa mawu pa awiri okha. Apa khutu lanu ndi dokotala woposa terminal. Ikani nyimbo ya besi yambiri imene mumaidziwa bwino, muimvere pa Windows, muimverenso pa Mint. Kodi yangotsika, kapena yaonda, ikumveka ngati kawailesi kam'thumba kothera mabatire? Yendetsani chala pa timabowo tonse, pansi, m'mbali, pafupi ndi kiyibodi, muone pamene pakunjenjemera pa Windows koma pali zii pa Mint. Pamene pali ziipo ndi pamene pali sipika yosadzutsidwa.

Kuti mutsimikize, pa Windows tsegulani Device Manager muyang'ane mayina a Cirrus Logic kapena Texas Instruments. Ena a Cirrus amalembedwa kuti Cirrus Logic Awesome Speaker Amps, dzina lodzitamandira ngati lolembedwa kumbuyo kwa minibasi. Pa Mint lembani izi chimodzichimodzi:

`uname -r`

`cat /proc/asound/card*/codec* | grep Codec`

`ls /sys/bus/acpi/devices | grep -i -E "CSC3551|CLSA|TIAS2781"`

`sudo dmesg | grep -i -E "snd|sof|cs35l41|tas2781"`

Choyamba chikuuzani kernel yanu, chachiwiri dzina la codec, kachipangizo ka mawu kaja, monga ALC287 kapena ALC294, chachitatu chikaonetsa kanthu ndiye kuti ampulifaya ija ilimodi, chachinayi chikuonetsani madandaulo a kernel poyatsa.

Ndikhoza kubetcha kuti choyambacho chikupatsani 5.15. Imeneyo ndi kernel imene Mint 21 imabwera nayo, yofanana ndi ya Ubuntu 22.04, ndipo inatuluka kumapeto kwa 2021. Driver wa CS35L41 wa malaputopu analowa mu kernel 5.17, mu 2022. Wa TAS2781 analowa mu 6.6, mu 2023. Ndipo kulowa kwa driver si kutha kwa nkhani. Pa malaputopu ambiri BIOS, pulogalamu yam'kati yodzutsa laputopu mukayatsa, sinena kuti ampulifaya yalumikizidwa motani, chifukwa opanga anaika zimenezo mu driver wa Windows. Ndiye anthu a Linux amachita kulemba mtundu uliwonse wa laputopu paokha paokha m'ndandanda wa mu kernel, wina akadandaula n'kupereka nambala zake. Ndandandayo imakula ndi kernel iliyonse yatsopano. Laputopu imene inali bubu pa 5.15 imatha kuyamba kuimba pa 6.8 mwini wake osakonza kalikonse.

Musafufute Mint yanu kaye. Pezani fulashi, muikepo Linux yatsopano, kaya Mint 22, imene inatuluka mu 2024 ndi kernel 6.8 komanso PipeWire, kaya Ubuntu kapena Fedora yaposachedwa, muyatsire pa fulashipo osaika pa disiki, muimbe nyimbo ija. Fedora ndimaikonda pa mayeso otere chifukwa kernel yake imakhala yatsopano kwambiri. Ndikudziwa kuti fayilo ya ma GB awiri kapena kuposa si nkhani yamasewera pa bandulo ya mwana wasukulu. Funsani m'kalasi mwanu, pali wina ali nayo kale, kapena mudikire WiFi ya pasukulu. Zikamveka bwino pa fulashi, bwererani ku Mint yanu, Update Manager, View, Linux Kernels, muike yatsopano imene ilipo, ndipo mulole phukusi la `linux-firmware` lilandire zatsopano. Kernel yakale musaichotse, kuti zikavuta mudzaisankhe pa GRUB. Ngati pa malo a masipika mukuona mawu akuti Dummy Output, ndiye kuti khadi lonse silinadzuke, ndipo pa ma Intel atsopano kawirikawiri chosowa ndi phukusi la `firmware-sof-signed`.

BIOS yatsopano nayo nthawi zina imathandiza. Muiike kuchokera pa Windows, batire litadzaza, chaja ili pomwepo, ndipo ngati disiki yanu ili ndi BitLocker, loko wa Windows wotsekera disiki, mulembe kaye kiyi yake papepala. Si ntchito yoyamba madzulo magetsi akuphethira.

Pofufuza pa intaneti mudzakumana ndi anthu ogawa timalamulo ta `hda-verb` ndi `i2cset` amene akuti anawachiritsira laputopu yawo. Ngati mtundu wa laputopu si wofanana ndendende ndi wanu, musakopere. Timalamuloti timalemba mwachindunji m'kati mwa kachipangizo, ndipo ampulifaya yodzutsidwa popanda chitetezo chake ikhoza kuotcha sipika. Anthu a Asahi Linux, amene amaika Linux pa ma MacBook a Apple Silicon, anasiya masipika ali otseka dala kwa nthawi yaitali mpaka atalemba pulogalamu yowateteza. Ngati akatswiri otere anaopa, ife tisachite matama.

Tifike pa 150 paja. N'zoona kuti `pavucontrol`, pulogalamu yosinthira voliyumu pa Linux, imalola kukweza mpaka 153. Koma kupyola 100 sikuwonjezera mphamvu ya ampulifaya, kumangokulitsa manambala a mawuwo asanatuluke, ndipo pamene nyimbo inali kale pamwamba nsonga zake zimadulidwa. Ndiko kusasa mawu ndi kuthetheka kumene mumamva. Pa vidiyo ya phunziro yojambulidwa motsika, 120 sikupha munthu. Pa nyimbo tsiku ndi tsiku, iyayi. Ine ndinaphunzira ndi laputopu yanga yakale: ndinaonetsa vidiyo ya ukwati kwa abale odzaza pabalaza, voliyumu ili kumapeto, maola awiri. Kuchokera tsiku limenelo sipika yakumanzere inkalira ngati muli njuchi.

Chomaliza chimene muyenera kudziwa n'chakuti ngakhale zonse zitakonzeka, Mint ikhoza kumvekabe yofatsa pang'ono poyerekeza ndi Windows. Pa Windows opanga amaikamo zodzoladzola: Dolby Atmos, DTS, Waves MaxxAudio pa ma Dell ambiri. Mapulogalamuwa amakweza mawu ofooka, amafinya okwera, amanamiza khutu kuti besi ilipo, ndipo anachunidwa molingana ndi masipika a laputopu imeneyo. Pa Linux kulibe. Cholowa m'malo ndi EasyEffects ngati muli pa PipeWire, kapena PulseEffects pa Mint 21. Muikemo compressor yofinya mawu okwera kuti ofooka amveke, mudule mawu apansi pa 100 Hz amene timasipikati sitingawathe n'kale, ndipo kumapeto kwenikweni muike limiter kuti nsonga zija zisadulidwe. Mukatero mupeza kukwera kumene anzanu akukufunirani ndi 150, popanda njuchi.

Mukayesa, ndilembereninso. Munditumizire zimene malamulo anayi aja atulutsa, dzina lonse la laputopu lolembedwa kunsi kwake, ndiponso mundiuze ngati mawu amasintha mukachokera ku Windows ndi Restart kusiyana ndi mukayatsa itazimiratu.