Matenda a Khunyu ndi Kuchotsedwa Ntchito ku Britain

Mayi, mwalemba kuti mumasamalira okalamba ku Manchester, mumadwala khunyu ndipo mumagwa mwina kawiri pachaka, koma abwana anu akuchotsani ntchito ponena kuti munthu wokhala bwinobwino miyezi yambiri sangatchedwe wolumala. Lamulo silinena choncho, ndipo zimandikhumudwitsa kuti olemba anthu ntchito akulankhulabe zotere.

Gawo 6 la Equality Act ya 2010, lamulo loletsa tsankho ku Britain, limati ulumali ndi vuto la thupi kapena la maganizo limene limasokoneza zochita za tsiku ndi tsiku, osati pang'ono chabe, kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Matenda oleka n'kuyambiranso amawerengedwa ngati opitirira malinga ngati angathe kubweranso, ndipo pa mlandu wa SCA Packaging ndi Boyle mu 2009, House of Lords, limene panthawiyo linali khoti lalikulu kwambiri ku Britain, linagamula kuti n'zokwanira kuonetsa kuti n'zotheka ndithu. Khoti limayang'ananso mmene mukanakhalira mukanapanda kumwa mankhwala.

Chimene ndaona chikugwetsa milandu yolimba ndi nthawi. Muwerenge miyezi itatu, kuchotsapo tsiku limodzi, kuyambira tsiku limene ntchito inatha. Nthawiyo isanakwane muyenera kudziwitsa bungwe la Acas, limene limayamba layesa kukuyanjanitsani, chifukwa popanda chikalata chawo Employment Tribunal, khoti loweruza milandu ya pantchito, nthawi zambiri sililandira mlandu. Ambiri amakhala phee kudikira yankho la apilo ya kuntchito, abwana n'kumangosuntha tsiku la msonkhano, achibale nawo n'kumati musathamangire kukhoti pamene akuluakulu akukambirana. Apiloyo siyimitsa masiku ngakhale limodzi. Khoti lili ndi mphamvu yowonjezera nthawi ngati laona kuti n'chilungamo, koma zimenezo zili m'manja mwa woweruza, ndipo sindingakulangizeni kudalira pamenepo.

Sindikulonjeza kuti mudzapambana. Zambiri zidzatengera ngati abwana ankadziwa, kapena anayenera kudziwa, za matenda anu, komanso ngati anayesa kusintha kagwiridwe ka ntchito, monga kukuchotsani pa mashifiti a usiku, asanakuchotseni.

Lero lomwe lumikizanani ndi Acas, n'kwaulere. Sungani kalata yokuchotsani, mauthenga a pa foni ndi maimelo onse amene munatchulamo khunyu. Pemphani dokotala wanu alembe kuti matendawa anayamba liti ndiponso chimene chingachitike mutasiya mankhwala. Pa mlandu wa tsankho ngati wanuwu palibe zoti muyenera kukhala mutagwira ntchito zaka ziwiri. Ngati viza yanu imadalira ntchito imeneyi, onanani ndi loya wa nkhani za maviza sabata ino.